Ululu wa pachinena ndi m'chiuno pa nthawi yoyembekezera: kodi mafupa akulekanadi?

Woyembekezera Kachiwiri:
Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndikupempha nzeru zanu pa vuto limene landisowetsa mtendere kwa masabata atatu tsopano. Ndili ndi pakati pa masabata 26, ndipo iyi ndi mimba yanga yachiwiri. Ululu unayamba ngati kuphwanya kwa m'chiuno wamba, koma tsopano wakhazikika pafupa la pachinena, pakatikati penipeni, ndipo nthawi zina umatsikira m'kati mwa ntchafu kapena kuzungulira kumbuyo, pamwamba pa thako lakumanzere. Ndikakhala pansi phee sindimva kanthu. Umandibaya ndikanyamula mwendo umodzi, monga povala nditaimirira, pokwera masitepe, kapena potsika m'galimoto. Usiku ndiye povuta kwambiri, chifukwa kuti nditembenuke ndimayamba ndagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri n'kumadzikoka pang'onopang'ono, ndipo dzana ndinamva fupa likulira ngati mmene zimalirira zala munthu akamazithyola, moti ndinagona chagada mpaka kunacha poopa kugwedezeka. Nditanena kusikelo anangondiyankha kuti ndi mmene mimba imakhalira, ndipirire. Komatu mimba yoyamba sinali chonchi. Ndinamvapo kuti mafupa a m'chiuno amatha kulekana mayi akakhala woyembekezera. Kodi zimenezi n'zimene zikundichitikira? Nanga ngati ndi choncho, ndidzatha kubereka bwinobwino?

Amake Atatu:
Pepani kwambiri achemwali. Pamene ndimawerenga uthenga wanu ndimangoona ngati mukunena za ine pa mimba yanga yachitatu. Ine zinafika poti ndinkayenda mokwakwaza mapazi, osawanyamula, ndipo kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi ndinkayenda nditatsamira khoma. Chimene chinandithandiza usiku ndi kuika pilo pakati pa mawondo. Masana ndinangosiya zonse n'kumagona, ndipo miyezi iwiri yomaliza ndinaithera pabedi. Malangizo anga ndi akuti musalimbane nalo thupi, gonani ndithu mpaka mudzachire.

Mzamba Wopuma:
Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Zimene mwalongosolazi ndinazimva kwa amayi ambirimbiri pa zaka zanga za uzamba, ndipo vutoli lili ndi dzina. Madokotala amalitchula kuti pelvic girdle pain, ndipo ululu ukakhala pachinena ena amati symphysis pubis dysfunction. Bungwe la madokotala a amayi oyembekezera la ku Britain, la Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, limanena kuti vutoli limagwira mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse oyembekezera. Choncho ndi lofala, koma kufala kwake si chifukwa chouzira munthu kuti angopirira. Yankho limene munalandira kusikelo landikhumudwitsa, ndipo ndikuvomera kuti nanenso ndili wamng'ono pa ntchito ndinayankhapo amayi choncho, ndisanadziwe bwino.

Chiuno si fupa limodzi. Ndi mkombero wa mafupa atatu akuluakulu: awiri a m'mbali, amene mumawakhudza mukagwira m'chiuno, ndi lina la makona atatu limene lili kumunsi kwa msana. Mafupawa amakumana pamalo atatu. Kumbuyo kuli malo awiri, kumanja ndi kumanzere, pamene anthu ena amakhala ndi timaenje tiwiri pamwamba pa matako. Kutsogolo kuli malo amodzi, pachinena, pamene mafupa awiri a m'mbali aja amalumikizidwa ndi kamnofu kolimba kokhala ngati mphira, n'kumangidwa ndi minyewa pamwamba ndi pansi. Malo amene mwatchula, pachinena ndi pamwamba pa thako, ndi awiri mwa malo atatu amenewa.

Kunena za kulekana, mpata wa pachinena mwa mayi amene sali woyembekezera umakhala wa mamilimita 4 kapena 5. Pa nthawi ya mimba umawonjezeka ndi mamilimita 2 kapena 3, ndipo zimenezi n'zachibadwa, zimachitikanso mwa amayi amene samva ululu uliwonse. Kulekana kwenikweni, kumene madokotala amakutenga ngati kuvulala, ndi pamene mpatawo wapitirira mamilimita 10. Kumeneko n'kosowa, ndipo kawirikawiri kumachitika pobereka, osati munthu akungotembenuka pabedi. Kulira kwa fupa kumene munamva kumachitika kwa ambiri amene ali ndi vutoli, ndipo sikutanthauza kuti pathyoka chinthu. Mwana wanu ululuwu sukumukhudza.

Chinthu chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Mwanena kuti munagona chagada usiku wonse. Kuyambira masabata 28 amayi amalangizidwa kugona chammbali, chifukwa chiberekero chikalemera chimapsinja mtsempha waukulu umene umabwezera magazi kumtima, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Yambani kuzolowera panopa.

Woyembekezera Kachiwiri:
Zikomo kwambiri amayi azamba, mwandimasula mtima. Komabe ndikufuna ndimvetse chimene chimayambitsa. Mnzanga wina anandiuza kuti ndi mahomoni, timadzi timene thupi limapanga lokha, amene amafewetsa mafupa, ndipo kuti palibe chimene ndingachite mpaka mwana atabadwa.

Wa Mafizo:
Ndiloleni ndiyankhe funso limeneli, pakuti amayi a vutoli ndimawaona pa ntchito yanga ya mafizo. Mnzanuyo akunena za homoni yotchedwa relaxin. Anaitulukira mu 1926 katswiri wa ku America, Frederick Hisaw, ataona kuti akabaya mbira yaikazi ndi madzi a m'magazi a nyama ya bere, minyewa ya pachinena pa mbirayo inkafewa. Mwa anthu homoniyi imapangidwa makamaka m'thumba la mazira, ndipo simafewetsa mafupa ayi, koma minyewa imene imamanga mafupawo. Koma taonani izi. Relaxin imachuluka kwambiri chakumapeto kwa miyezi itatu yoyambirira, pamene ululu mwa amayi ambiri umakula mochedwerapo, mimba italemera. Komanso mayi aliyense woyembekezera ali nayo homoniyi, koma anayi mwa asanu savutika. Ofufuza atayeza kuchuluka kwake m'magazi sanapeze mgwirizano wodalirika pakati pa kuchulukako ndi kukula kwa ululu. Chimodzimodzinso mpata wa pachinena: mayi wa mpata waung'ono akhoza kumva ululu woopsa, pamene wa mpata wokulirapo akuyenda bwinobwino.

N'chifukwa chake ine sindikonda kuuza mayi kuti chiuno chake chikugwedera. Mawu amenewo amaopseza, ndipo mayi wamantha amayenda ataumitsa thupi lonse, minofu n'kumangika, ululu n'kuwonjezeka. Mkombero wa m'chiuno ndi wolimba kwambiri ndipo sungaphwasuke chifukwa choti mwakwera sitepe. Chimene chimachitika n'chakuti minyewa yafewa pang'ono, thupi lalemera, mimba yakokera kulemerako kutsogolo, minofu ya pamimba yatanuka moti sikugwiranso mwamphamvu ngati kale, ndipo mbali ziwiri za chiuno sizikuyenda mofanana. Mukaima ndi miyendo yonse iwiri, kulemera kwa thupi kumagawanika pakati. Mukanyamula mwendo umodzi, kulemera konse kumadutsa mbali imodzi, fupa lina likukankhidwira m'mwamba pamene linzake likukokedwera pansi, ndipo pamene awiriwa amakumana ndi pamene pamapweteka. Zonse zimene mwatchula, kuvala mutaimirira, masitepe, kutsika m'galimoto, kutembenuka pabedi, zili ndi chinthu chimodzi chofanana: mwendo umodzi ukuchita zosiyana ndi unzake.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amene anavutikapo ndi msana kale, amene anavulalapo m'chiuno, amene anali ndi vutoli pa mimba ina, ndiponso amene amagwira ntchito yolemetsa thupi. Ndikufunseni Mayi: mwana wanu woyamba ali ndi zaka zingati, ndipo mumamunyamula bwanji?

Kwa Amake Atatu, ndikulemekeza zimene munadutsamo, ndipo za pilo mwanena zoona. Koma pa nkhani yogona miyezi iwiri ndikusiyana nanu. Munthu akagona nthawi yaitali minofu imene imayenera kuchirikiza chiuno imafooka, ndiye podzuka ululu umaposa kale. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi woyembekezera magazi ake amaundana msanga, ndipo kukhala osayenda kumawonjezera ngozi yoti aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Kupuma n'kofunika, koma kukhale kopuma pang'ono, kuyenda pang'ono, mosinthanasinthana.

Amake Atatu:
Ndamva, ndipo sindikutsutsa. Koma a mafizo, mundimvetse: pa nthawiyo panalibe amene anandiuza njira ina. Ndinkati ndikayenda pang'ono masana, usiku ndinkalira ndi ululu. Munthu wotero mungamuuze bwanji kuti aziyenda?

Wa Mafizo:
Funso lanu ndi lachilungamo, ndipo mwakhudza mfundo imene ambiri saidziwa. Ululu umenewu nthawi zambiri umabwera mochedwa. Mayi amayenda mtunda wautali m'mawa akumva bwino, ndipo malipiro ake amabwera madzulo kapena mawa lake. Ndiye muyeso wake si mmene mukumvera poyendapo, koma mmene mugonere usiku umenewo. Ngati kuyenda kwa mphindi 20 kwakulizani usiku, mawa yendani mphindi 10, ndi mapazi afupiafupi, pamalo osalala, mutavala nsapato zafulati. Ngati ngakhale zimenezo zikukanika, ndiye nthawi yoti mupatsidwe ndodo zoyendera yakwana, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Woyembekezera Kachiwiri:
Mwana wanga ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo poyankha funso lanu ndadzigwira ndekha. Ndimamunyamulira pachiuno chakumanzere nthawi zonse, nditapendekeka, dzanja lamanja likugwira ntchito zina. Ndi mbali yomweyo imene ikupweteka kumbuyo.

Bambo wa Mapasa:
Pepani kuti ndalowerera nkhani ya amayi, koma mayi a kunyumba kwanga anavutika kwambiri ndi zimenezi ali ndi pakati pa ana athu amapasa, ndipo ndinaphunzirapo zambiri. Poyamba ndinalakwitsa. Ndinkaona munthu amene wakhala pampando akucheza bwinobwino, kenako akukana kunyamula ndowa yaing'ono, ndipo mumtima ndinkati akukokomeza. Ndinasintha maganizo usiku wina nditadzidzimuka n'kuwapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, akulira mwakachetechete, chifukwa anafuna kupita kukataya madzi koma ankaopa kuponda pansi. Anali atakhala pamenepo nthawi yaitali osafuna kundidzutsa.

Kuyambira pamenepo tinasintha zinthu zing'onozing'ono zambiri. Povala ankakhala pampando, ndipo nsapato ndinkawaveka ndine. Polowa m'galimoto ankayamba akhala kaye, miyendo ili kunja, kenako n'kuilowetsa yonse pamodzi mawondo atagundana, ndipo tinkayala pepala la pulasitiki pampando kuti azitembenuka mosavuta, n'kulichotsa galimoto isananyamuke. Potembenuka pabedi ankapinda mawondo, kufinya pilo pakati pake, n'kutembenuza mapewa ndi chiuno nthawi imodzi ngati chipika. Kusesa, kukolopa ndi kunyamula zolemera ndinazitenga ine. Kwa inu Mayi, mwana wa zaka ziwiri amatha kukwera yekha pampando kuti mumukumbatire mutakhala. Bambo a kunyumba kwanu muwawerengetse zokambiranazi, chifukwa ululu wosaoneka ndi maso ndi wovuta kuukhulupirira ngati munthu sanakufotokozere.

Mayi Mphunzitsi:
Inenso ndili ndi vuto lomweli pa masabata 31, ndipo ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse. Ndakhala ndikumwa bufeni madzulo alionse kwa sabata imodzi chifukwa panado sakundithandiza kwenikweni. Kodi pali vuto? Ndikufunanso kudziwa za lamba wa m'chiuno, ngati amathandizadi.

Mzamba Wopuma:
Aphunzitsi, bufeniyo musamwenso kuyambira lero, ndipo mawa mupite kuchipatala mukawauze masiku amene mwamwa ndi kuchuluka kwake. Sindikufuna kukuopsezani, koma nkhaniyi si yozengereza. Bufeni, diclofenac ndi mankhwala ena a gulu limenelo amatha kusokoneza impso za mwana, madzi amene mwanayo amakhalamo n'kuchepa, ndipo mu 2020 bungwe loona za mankhwala la ku America, la FDA, linachenjeza kuti apewedwe kuyambira masabata 20. M'miyezi itatu yomaliza pali ngozi inanso: amatha kutseka msanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana kamene kamayenera kukhala kotseguka mpaka atabadwa. Akakupimani adzaona ngati zonse zili bwino. Panado ndi amene amaloledwa, pa mlingo umene akuuzani, ndipo ngati sakukwanira dokotala ndi amene angasankhe mankhwala ena.

Popeza tafika pa zochenjezana, ndinene kwa nonse kuti si ululu uliwonse wa m'chiuno umene uli wa mafupa. Ululu wa mafupa umatsatira kayendedwe ka thupi: umabwera mukasuntha, umachepa mukakhazikika. Koma ululu umene ukubwera n'kumapita pa nthawi yofanana, mimba ikulimba, masabata 37 asanakwane, ukhoza kukhala matenda a kubereka oyamba msanga. Ngati mukutaya magazi kapena madzi, thupi latentha, mukumva kuwotcha pokodza, mwana wachepetsa kugunda, kapena mwendo umodzi watupa n'kumapweteka kumbuyo kwake, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati mwachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako, mkodzo ukukanika kutuluka kapena chimbudzi chikungotuluka chokha, miyendo ikufooka, thamangani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika.

Wa Mafizo:
Za lamba, amathandiza ena, ena ayi, ndipo pali njira yodziwira. Timamugoneka mayi chagada kwa kanthawi kochepa n'kumupempha kuti anyamule mwendo umodzi, osapinda bondo, masentimita 20 kuchoka pabedi. Amene ali ndi vutoli amanena kuti mwendowo ukulemera ngati wamangiriridwa mwala. Kenako timafinya mafupa a m'mbali ndi manja athu, kuwakankhira pamodzi, n'kumuuza kuti anyamulenso. Ngati mwendo wapepuka, lamba akhoza kumuthandiza, pakuti lambayo amagwira ntchito imene manja athu agwira. Amangidwe m'munsi, mozungulira mafupa, kudutsa pamwamba penipeni pa chinena, osati pamimba. Muzimuvala poyenda ndi poimirira, n'kumuvula mukakhala kapena kugona.

Koma lamba ndi wongobwereka. Lamba weniweni ndi minofu yanu: ya pansi pa chiuno, imene mumafinya pogwira mkodzo, ya m'kati mwa mimba, ndi ya m'matako. Musananyamuke pampando kapena kutembenuka, finyani pang'ono minofu ya pansiyo, kokerani m'kati kumunsi kwa mimba mofatsa mukupuma bwinobwino, kenako sunthani. Kugwada n'kugwira pansi ndi manja, n'kumapinda ndi kuwongola msana pang'onopang'ono, kumapepuza amayi ambiri chifukwa kulemera kwa mimba kumachoka pachiuno. Pamasitepe pondani imodziimodzi, mapazi onse akumane pa sitepe iliyonse. Pokwera tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wopwetekawo. Amene ali ndi mwayi wolowa m'madzi, kuyenda m'madzi ofika pachifuwa n'kwabwino, koma apewe kusambira kotambasula miyendo ngati chule. Aphunzitsi, pemphani mpando wautali woti muzikhalapo pophunzitsa, ndipo poimirira musatsamire mwendo umodzi. Zonsezi sizilowa m'malo mwa kupimidwa, chifukwa nthawi zina timapeza kuti mbali imodzi yaumirira ndipo imafunika kuimasula ndi manja.

Woyembekezera Kachiwiri:
Latsala funso langa lachiwiri lija, limene likundisowetsa tulo kuposa ululuwo. Ngati panopa sindingathe kutambasula miyendo potsika m'galimoto, pobereka zidzatheka bwanji? Kodi si bwino kungopempha opaleshoni?

Mzamba Wopuma:
Amayi ambiri a vutoli amabereka m'njira yachibadwa, ndipo ululu wa m'chiuno pawokha si chifukwa chochitira opaleshoni. Opaleshoni imadula pamimba, pamalo pomwe pali minofu imene mukufuna kuti ichire msanga ikuchirikizeni, ndiye musaione ngati njira yachidule. Ikafunika pa zifukwa zina, monga mmene mwana wagonera, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mudzakambirana ndi dokotala wanu.

Chimene chimafunika ndi kukonzekera. Kubereka sikufuna kuti mayi agone chagada miyendo itayalidwa mbali ndi mbali. Mukhoza kubereka mutagona chammbali wina atakugwirirani mwendo wapamwamba, kapena mutagwada mutatsamira kumutu kwa bedi, ndipo njira ziwirizi sizitambasula chinena kwambiri. Masiku akayandikira, gonani, pindani mawondo, muwatambasule pang'onopang'ono mpaka pamene ululu ukuyambira, ndipo wina ayeze mpata wa pakati pa mawondowo ndi chingwe n'kuchidula pomwepo. Chingwecho mudzapite nacho kuchipatala. Chimathandiza makamaka mukabayidwa jakisoni wa pamsana wopha ululu, chifukwa pamenepo simumva kuti miyendo yatambasulidwa mopitirira. Ngati padzafunike kukweza miyendo pa zitsulo, monga posoka, miyendo yonse iwiri ikwezedwe ndi kutsitsidwa nthawi imodzi. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku lanu la kusikelo, ndipo amene adzakuperekezeni azidziwe, pakuti matenda akakula simudzakhala ndi mphamvu zofotokoza.

Amake Atatu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndaona kuti ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu. Mwana wanga wachitatu ali ndi zaka ziwiri, koma ululu uja sunathe wonse. Ndikaima nthawi yaitali, kapena ndikatsala pang'ono kusamba, pachinena pamayambanso kuwawa, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba nthawi zina kumandipweteka. Ndinkangoti ndi mmene thupi limakhalira ukabereka katatu. Kodi ndinachedwa?

Wa Mafizo:
Simunachedwe, Amayi, ndipo mwachita bwino kunena. Ambiri amapeza bwino m'masabata kapena miyezi yoyambirira atachira, koma pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi amene anali ndi vutoli amapitiriza kumva ululu. Amenewa ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mwana akangobadwa maso onse amapita kwa khanda, ndipo za chiuno cha mayi palibenso amene amafunsa. Minofu imalimbitsika pa msinkhu uliwonse. Panopa muli ndi mwayi woti mukhoza kujambulidwa bwinobwino ngati dokotala ataona kuti n'kofunika, komanso mukhoza kuchita mafizo amphamvu kuposa a mayi woyembekezera. Za kupweteka pokhala malo amodzi mukazinene momveka, musazibise, chifukwa nthawi zambiri zimachokera ku minofu ya pansi pa chiuno imene yamangika kwa nthawi yaitali, ndipo thandizo lake lilipo. Ngati mukuganiza za mimba ina, ndi bwino kuyamba mwalimbitsa thupi, popeza vutoli limakonda kubwereranso.

Woyembekezera Kachiwiri:
Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinabwerera kusikelo nditalemba papepala zinthu zimene zimandikanika, ndipo m'malo monena kuti m'chiuno mukuwawa ndinati sindingathe kuima ndi mwendo umodzi, sindingathe kutembenuka pabedi, ndipo ndikupempha kuonana ndi a mafizo. Ulendo uno ndinakumana ndi namwino wina amene anandimvetsera. Anayeza mkodzo, anapeza kuti ulibe vuto, n'kundilembera kalata. A mafizo anandiyesa mwendo monga munafotokozera, ndipo atafinya m'chiuno mwendo wakumanzere unapepuka moti ndinadabwa. Tsopano ndili ndi lamba, ndipo ndimachita mafizo m'mawa ndi madzulo. Ululu sunathe. Masitepe akundivutabe, ndipo Loweruka ndinayenda mopitirira muyeso n'kugona movutika. Koma usiku wambiri ndikutembenuka osadzuka, mwana wanga waphunzira kukwera yekha pampando kudzakhala pambali panga, ndipo bambo ake atawerenga zimene analemba Bambo wa Mapasa anakhala chete kwa nthawi, kenako anatenga okha ntchito yomusambitsa. Chingwe chija tayeza kale, ndachipinda n'kuchiika m'buku la kusikelo.

Mzamba Wopuma:
Mwachita bwino, Mayi. Chingwecho mudzayezenso mukafika masabata 36 kapena 37, chifukwa mpata umene mukutha kutambasula lero ukhoza kusintha mimba ikamakula. Aphunzitsi, tikudikirabe kumva kuti kuchipatala kuja anakuuzani zotani.